Anthu Anai ndi Mphasa Imodzi

Ulaliki wa pa nyengo yotsegulira masukulu. Mau ace ali pa Marko 2:1-12.

Mlaliki Marko asimba za tsiku lina pamene Ambuye Yesu anali m'nyumba ku Kapernao, mudzi wa asodzi m'mbali mwa nyanja ya Galileya. Mbiri inabuka kuti wafika, ndipo anthu anakhamukira komweko kufikira nyumba inadzaza, ndi pakhomo pomwe panasowa popondapo. Kunalinso munthu wodwala manjenje, wakufa ziwalo, amene analibe miyendo yomfikitsa kumeneko. Pamenepo anthu anai anamnyamula pa mphasa yace. Atalephera kulowa pakhomo cifukwa ca khamu, anakwera naye pamwamba pa nyumba, pakuti nyumba za dziko lija zinali ndi denga lathyathyathya la mitengo ndi dothi, ndi makwerero kunja kwace. Anaboola dengalo, namtsitsa pamaso pa Ambuye. Yesu anayamba wamkhululukira macimo ace, ndipo pambuyo pace anamlamula kuti aimirire, atenge mphasa yace, apite kwao. Munthuyo anaturuka alikuyenda ndi miyendo yace, anthu onse ali maso.

Mutu weniweni wa nkhani imeneyi ndiwo mphamvu ya Mwana wa Mulungu yakukhululukira macimo. Koma pa mwezi uno wa January, pamene ana alikubwerera kusukulu, nkoyenera kuti mipingo ya m'midzi iyang'anitsitsenso anthu anai aja. Marko anena kuti Ambuye anaona cikhulupiriro cao. Maina ao sanawalembe, ngakhale mau amodzi oturuka pakamwa pao sanawalembe. Cimene analemba ndico cakuti anali anai, mphasa inali imodzi, ndipo anafika. Marko sanali kunena za masukulu, koma amene afuna kudziwa umo mabungwe, mipingo, boma ndi makolo ayenera kugwirira nchito ya maphunziro pamodzi, apeza m'nkhaniyi citsanzo cokwanira.

I. MUNTHU WA PA MPHASA

M'midzi ya kuno muli anthu ambiri a miyendo yolimba, otha kulima ndime yaikuru dzuwa lisanakwere, amene pa zinthu zolembedwa ali cigonere pa mphasa. Mai apita ndi mwana wodwala kucipatala, alandira mankhwala m'timapepala titatu, namva malangizo kamodzi kokha pakati pa phokoso. Pofika kunyumba waiwala, ndipo zolembedwa pa timapepalato sizimuuza kanthu. Mlimi atenga mbeu ndi mankhwala a thonje pa ngongole, adinda cala pa pepala limene sanaliwerenge, ndipo pa tsiku la msika angobvomera cimene wa pa sikelo wanena. Mkazi wamasiye alandira uthenga pa foni wakuti mwana wace wa ku Lusaka watumiza ndalama. Aitana mwana wa mnansi kuti amwerengere, ndipo pofika madzulo mudzi wonse wadziwa za m'thumba mwace. Pa tsiku la Mulungu mkuru wina afika ku nyumba ya mapemphero ndi Buku Lopatulika lokulunga bwino m'nsaru, koma kwa iye bukulo liri ngati nkhokwe yodzaza imene sakhoza kutapamo.

Anthu amenewa sali opusa ai. Adziwa nthaka yoyenera nsawa ndi yoyenera cimanga, adziwa zizindikiro za mvula, ndipo pabwalo aweruza milandu mwanzeru. Cosowa cao ndico munthu wowafikitsa pakhomo, pakuti pa ubwana wao sukulu inali kutali, kapena ndalama zinasowa, kapena ng'ombe zinafuna mbusa.

Palinso wodwala wina amene saoneka msanga. Ndiye mwana amene apita kusukulu masiku onse, dzina lace liri m'kaundula, wafika giredi 4 kapena 5, koma akampatsa buku la Cinyanja sakhoza kuwerenga mzere umodzi. Akhala kumbuyo m'cipinda codzaza ana, abwereza ndi pakamwa zimene anzace anena, akopa za pa bolodi osadziwa cimene alikukopa, ndipo caka cikatha akwera kalasi pamodzi ndi anzace. Makolo ayesa kuti alikuphunzira, popeza amuona m'mawa uliwonse ndi yunifomu. Manyazi ace awadziwa yekha, ndipo tsiku lina aleka sukulu osanena cifukwa. Mwana wotere wafikitsidwa pabwalo la nyumba, koma m'nyumbamo sanalowe.

II. PAMENE ONYAMULA ANAKANGANA

Nchito ya masukulu m'dziko lino inayamba ndi mabungwe osafuna phindu, ndiwo a mishoni. A Dutch Reformed Church anamanga ku Magwero m'caka ca 1899, ku Madzimoyo mu 1903, ku Nyanje mu 1905, ndi ku Nsadzu mu 1908. Ansembe a Katolika ochedwa White Fathers anakhazikika ku Kachebere, pa malire, mu 1903. A Anglican anafika ku Msoro, kumene wansembe Leonard Kamungu, mbadwa ya ku Nyasaland, anatumikira kuyambira 1911 kufikira imfa yace mu 1913. Onsewa anatumiza aphunzitsi m'midzi ndi masileti ndi mapepala a zilembo. Ku Magwero anayamba kuphunzitsa ndi akhungu omwe mu 1905, ndipo mu 1955 anatsegula sukulu ya ogontha. Agogo ambiri a owerenga bukuli anaona cilembo coyamba m'tinyumba taudzu timeneto, ndipo nchitoyo iyenera kuyamikidwa.

Koma coonadi cinenedwe conse. Pa zaka zoyambazo onyamula anakangana pa mphasa. Mphunzitsi wa mpingo uwu akamanga kasukulu m'mudzi, wa mpingo uja anali kumanganso kena kutsidya kwa dambo lomwelo, pamene midzi ya kuseri kwa phiri inakhala yopanda mphunzitsi. Mafumu anasowa wotsata, ndipo akuru a boma la atsamunda anacita kuweruza milandu ya malire pakati pa anthu olalikira Ambuye mmodzi. Wodwala anakokedwa uku ndi uku, ndipo ulendo unacedwa.

Mulungu anawaphunzitsa njira ina pang'ono pang'ono. M'caka ca 1900 amishoni a mipingo yosiyana ku Nyasaland anapangana kuti alembe Mau a Mulungu m'Cinyanja cimodzi comveka kwa onse, m'malo mwakuti mishoni iriyonse ikhale ndi buku lace lace. Mbusa William Murray ndiye anasenza gawo lalikuru la nchitoyo, pamodzi ndi Alexander Hetherwick wa ku Blantyre ndi eni cinenero amene anakhala nao pansi kusanthula mau limodzi limodzi. Zinapita zaka 22, ndipo mu 1922 Buku Lopatulika linaturuka lathunthu. Bukulo linaoloka malire, linalowa m'midzi ya Acewa, Angoni ndi Ansenga, ndipo anthu osawerengeka anaphunzira kuwerenga cifukwa cofuna kuliwerenga okha. Mishoni imodzi payokha sikadakhoza kupereka mphatso yotere.

Kunonso amishoni anayamba kukomana. Msonkhano wao waukuru woyamba unacitika ku Livingstone mu 1914, ndipo nkhani ya masukulu inali kukambidwa kawiri kawiri pa misonkhano yotsatira. Mu 1924 nthumwi za bungwe la Phelps-Stokes la ku America zinayendera dziko lino kuona masukulu, ndipo mu 1925 boma linatsegula ofesi yoyang'anira maphunziro a anthu akuda. Mu 1945 panabadwa bungwe logwirizanitsa mipingo, limene linadzachedwa Council of Churches in Zambia. Ngakhale zinatero, pamene dziko linalandira ufulu mu 1964 linali ndi anthu ngati 100 okha otsiriza maphunziro a ku yunivesite. Ciwerengero cimeneco cionetsa kutalika kwa ulendo umene unatsala, ndi mtengo wa zaka zimene zinatayika.

III. MAYENDEDWE AMODZI

Boma la ufulu linamanga masukulu ambiri, ndi yunivesite yomwe mu 1966. Koma mtengo wa kopa utagwa, cuma ca dziko cinacepa, ndipo m'zaka za m'ma 1990 makolo ambiri analephera kulipira zofunika kusukulu. Nthenda ya Edzi inasiya ana amasiye m'manja mwa agogo okalamba. Pamenepo anthu a m'midzi ndi m'makomboni sanakhale manja lende. Anasonkhanitsa ana pansi pa mitengo ndi m'nyumba za mapemphero, napempha mnyamata kapena mtsikana wotsiriza giredi 9 kapena 12 kuti awaphunzitse, malipiro ace cimanga, nkhuku, kapena kumlimira munda. Umo ndimo masukulu a anthu a m'mudzi anacurukira.

Mabungwe anabwera kudzagwira ngodya zao. Zambia Open Community Schools inayamba ku Lusaka mu 1992 kuthandiza masukulu otere. FAWEZA inayamba mu 1996 kulimbikira maphunziro a atsikana, ndipo CAMFED inafika mu 2001 kulipirira atsikana osauka a kumidzi. Mu 2000 maphunziro a pa wailesi ochedwa Taonga Market anayamba kumveka, ana atakhala mozungulira wailesi imodzi, munthu wodzipereka alikutsata zimene mphunzitsi wa m'wailesi anena. Mu 2001 mabungwe ambiri anadzimanga mtolo umodzi wochedwa ZANEC, kuti polankhula ndi boma alankhule ndi pakamwa pamodzi. Ndipo lamulo la maphunziro la 2011 linabvomereza masukulu a anthu a m'mudzi kuti ali masukulu enieni a dziko.

Citsanzo cina cikhudza mwana uja wokhala kumbuyo kwa kalasi. Ku India bungwe lochedwa Pratham linapeza njira yosabvuta yothandizira ana otere. Mphunzitsi aitana mwana mmodzi mmodzi, namuonetsa pepala lokhala ndi zilembo, mau, ndime yaifupi ndi kankhani. Apo mwana walekezera, ndipo pali msinkhu wace. Tsono ana a giredi 3, 4 ndi 5 agawidwa m'magulu monga mwa zimene akhoza, kosayang'ana kalasi lao kapena zaka zao, ndipo kwa ora limodzi pa tsiku aphunzira m'cinenero cao, alikulemba pansi ndi coko, alikuwerengera ndi timitengo. Mu 2016 Unduna wa Maphunziro unayesa njirayi m'masukulu 80 a cigawo ca Kum'mawa ndi ca Kumwera, pa dzina lakuti Catch Up. A Pratham anabwera ndi njira yao, a VVOB a ku Belgium anathandiza kuphunzitsa ndi kuyendera aphunzitsi, a J-PAL anathandiza kuyesa ngati ana alikupinduladi, a UNICEF anathandiza ndi cuma, ndipo ophunzitsa anawo anali aphunzitsi a boma omwe aja. Pooneka kuti ana amene anali pa zilembo ayamba kuwerenga nkhani, nchitoyo inafalikira ku masukulu ena ambiri.

Cimene cinapindulitsa nchito imeneyo ndico cimene cinafikitsa wodwala wa ku Kapernao. Anthu onyamula mphasa imodzi ayenera kulinga kumodzi ndi kuponya mwendo pamodzi. Wamtali awerama pang'ono cifukwa ca wamfupi, ndipo wamphamvu acepetsa liwiro cifukwa ca wofoka. Mmodzi akathamanga kuti aoneke woyamba kufika, wodwala agwa pansi.

Ndipo kugwa kotere kumacitika. Mabungwe awiri apereka mabuku ku sukulu imodzi ya m'mbali mwa mseu wa tara, cifukwa galimoto ifika bwino ndi alendo ajambula zithunzi, pamene sukulu ya kutsidya kwa mtsinje igawana buku limodzi ana a pa benchi lonse. Bungwe iri liitana mphunzitsi ku msonkhano sabata ino, bungwe lija limuitananso sabata yamawa kukaphunzira njira ina yotsutsana ndi yoyambayo, ndipo ana atsala okha m'kalasi. Pakhomo pa sukulu paima zikwangwani zopakidwa bwino, ciriconse ndi dzina la mwini wace, koma m'kati mulibe coko. Kunalinso bungwe lalikuru logwirizanitsa masukulu a anthu a m'mudzi, limene linagwa mu 2006 cifukwa ndalama sizinasungidwe mokhulupirika, ndipo amene anabvutika ndiwo ana. Cifukwa cace mabungwe ayenera kukumbukira kuti anthu anai aja analowa m'Uthenga Wabwino opanda maina, ndipo Ambuye anawaona.

IV. KHAMU LA PAKHOMO

Amene anatseka khomo ku Kapernao sanali adani a wodwalayo. Anali anthu abwino odzamva Mau, koma aliyense anali kuganiza za malo ace, ndipo panalibe woceuka. Momwemonso amene atsekera ana khomo la sukulu kawiri kawiri ali anthu owakonda.

Atate apereka mwana wao wa zaka 8 kuti akawete ng'ombe za munthu wina kwa zaka zingapo, kuti pomariza alandire ng'ombe imodzi. Atate sadana naye mwanayo, afuna kuti banja likhale ndi khola. Koma ng'ombe ikafika, mnyamata wakula, acita manyazi kukhala pa benchi limodzi ndi tiana, ndipo ng'ombeyo ikafa ndi nthenda atsala wopanda ng'ombe ndi wopanda sukulu. Amalume alandira cuma ca cikwati pa mtsikana wa giredi 6 cifukwa m'nyumba muli njala. Amai aletsa mwana kupita kusukulu pa nyengo yopalira ndi yotola thonje, namati adzapita nchito ikatha, ndipo nchito ya kumunda siitha. Ndi mpingo womwe ukhoza kuima pakhomo, ukasonkha ndalama zambiri za maphwando ndi zobvala za misonkhano, pamene mphunzitsi wa ana ace agona m'nyumba yodontha.

Boma lacotsa mipiringidzo ina. Kuyambira 1997 mtsikana amene watenga pakati aloledwa kubwerera kusukulu atabereka. Mu 2002 malipiro a giredi 1 kufikira 7 anacotsedwa, ndipo mu 2022 anacotsedwa kufikira giredi 12, boma nililemba nchito aphunzitsi oposa 30,000 m'caka comweco. Mu 2023 lamulo la ukwati linakonzedwa kuti munthu wosakwana zaka 18 asakwatiwe kapena kukwatira, ngakhale pa ukwati wa mwambo. Koma lamulo lolembedwa ku Lusaka silinyamula mwana. Lingotsegula njira, ndipo onyamula afunikabe.

Anthu anai aja ataona khomo lotsekeka sananene kuti tayesetsa, tibwerere. Anakwera pamwamba nasasula denga, ndipo denga limenelo linali la munthu, lofuna kukonzedwanso m'mawa mwace. Kufikitsa mwana ku maphunziro kuli ndi mtengo wace. Atate adzaweta okha ng'ombe m'mawa, kapena adzapangana ndi anansi kuti aziweta mosinthana. Banja lidzabweza cuma ca cikwati cimene linayamba kudya. Mkuru wa mpingo adzalankhula mau osakondweretsa kwa mbale wace wa bere limodzi. Walira mvula walira matope.

V. NGODYA YA MUDZI

Makolo akale anati mutu umodzi susenza denga, ndipo aliyense amene anathandizako kukweza denga la nkhokwe adziwa kuti mbali imodzi ikalekerera, denga lonse lipendama. Pa mphasa ya maphunziro boma ligwira ngodya yace polipira aphunzitsi ndi kukonza zophunzira. Mabungwe agwira yao pobweretsa mabuku, njira zatsopano ndi thandizo la ana osauka. Mipingo iri ndi nyumba, anthu odziwa kuwerenga, ndi mau amene anthu awamvera. Ngodya yacinai ndi ya makolo ndi mafumu, ndipo imeneyi palibe mlendo angaigwire.

Pali ciyeso cimene cagwera midzi yambiri, cakuti anthu akaona galimoto ya bungwe aleka ngodya yao nakhala pansi kuyembekeza. Pampu ya mjigo wa pasukulu ikaonongeka ati eni ace adzabwera. Njerwa zikafunika afunsa ngati pali malipiro. Aiwala kuti mlendo ndi mame. Bungwe liri lonse liri ndi zaka zace zowerengeka, ndipo ndalama zace zicokera kutali, kumene anthu a kuno alibe mau. M'caka ca 2025 boma la America linaimitsa thandizo lalikuru limene linali kupita ku maiko ambiri kudzera mu USAID, ndipo nchito zambiri za umoyo ndi za maphunziro zinaima mwadzidzidzi. Mudzi umene unasiya mphasa yonse m'manja mwa alendo ukhoza kudzuka m'mawa wina ndi kupeza wodwala wace ali pansi pakati pa njira.

Zotere zinacitikapo kale kwina. Mmishoni wina, Frank Laubach, anali kuphunzitsa anthu akuru kuwerenga ku zisumbu za Philippines m'zaka za m'ma 1930, ndipo ndalama zolipira aphunzitsi ace zinatha cifukwa ca kugwa kwa cuma ku America. Nchito ikadathera pomwepo, koma eni dziko anapangana kuti aliyense wophunzira kuwerenga aphunzitse mnzace mmodzi. Njira imeneyo inafalikira ku maiko ambiri. Mu 1945 Mai Hope Hay anaitsata ku Mindolo, ku migodi, ndipo anchito a m'migodi amene anaphunzira anali kuphunzitsa anzao m'makomboni nchito ikatha. Anthuwo analibe nyumba za sukulu, koma aliyense anagwira mbali yace.

Tsono mpingo wa m'mudzi ungacitenji caka cino? Akuru a mpingo amene ayendera nyumba za Akristu akhoza kulemba maina a ana onse a msinkhu wa sukulu amene sapitako, ndi cifukwa cace, napereka mainawo kwa mphunzitsi wamkuru ndi kwa mfumu ya mudzi. Amai a Cigwirizano akhoza kutsata mtsikana aliyense amene wasowa m'kalasi sabata ziwiri, asanamve kuti wapita ku banja, ndi kulera khanda la wobereka kuti mai wace abwerere ku maphunziro. Nyumba ya mapemphero, imene ikhala yotseka masiku ambiri a sabata, ikhoza kutsegulidwa masana kuti anyamata ndi atsikana a giredi 9 ndi 12 aziwerenga ndi ana ang'ono, ndi kuti akuru ofuna kuphunzira abwere popanda wowaseka. Pa nyengo ya cilimwe amuna akhoza kuumba njerwa za nyumba ya mphunzitsi, pakuti mphunzitsi wosowa pogona sakhalitsa. Ndipo kholo liri lonse, ngakhale losadziwa cilembo, likhoza kuitana mwana madzulo ndi kumuuza kuti awerenge mokweza. Khutu lidziwa kusiyanitsa wowerenga ndi wongoloweza, ndipo mwana amene adziwa kuti kunyumba adzafunsidwa achera khutu m'kalasi.

Bungwe likafika m'mudzi, alilandire ndi ulemu, koma alipemphe kuti likhale pansi pamodzi ndi mphunzitsi wamkuru, komiti ya makolo, mfumu, ndi mabungwe ena amene anafika kale, kuti lidziwe ngodya imene iri yopanda munthu. Aliuze za sukulu ya kutsidya kwa mtsinje. Ndalama iriyonse yolowa, ya alendo kapena yosonkha eni mudzi, ilembedwe m'buku ndi kuwerengedwa poyera pa msonkhano. Ndipo pa nchito imeneyi wa Reformed, wa Katolika, wa Anglican, wa Pentekoste ndi Msilamu agwire pamodzi, pakuti ana ao amwa pa citsime cimodzi nakhala pa benchi limodzi. Kolakwa kwa zaka zoyamba zija kusabwerezedwe ndi zidzukulu.

VI. ANASENZA MPHASA YACE

Nkhani ya ku Kapernao itha ndi cinthu coyenera kucisunga mu mtima. Anthu anai aja sananyamulenso munthuyo pobwerera. Iye amene anadza atasenzedwa anapita atasenza mphasa yomwe ija. Pamenepo ndipo nchito ya onyamula inatha, ndipo Marko sawachulanso. Anthu analemekeza Mulungu, ndipo anaiwo sanaime pakhomo kufuna kuyamikidwa.

Apa pali muyeso wa nchito iriyonse ya maphunziro. Bungwe lisadziyese ndi kucuruka kwa misonkhano yace, ndi mpingo usadziyese ndi kukongola kwa cikwangwani cace. Funso ndi lakuti, kodi mwana uja wa kumbuyo kwa kalasi awerenga tsopano? Kodi mai uja adziwerengera yekha za pa mankhwala? Kodi mlimi ayang'ana yekha pa sikelo ndi pa pepala la ngongole? Kodi mkuru uja wamasula nsaru ya pa Buku lace? Thandizo labwino ndi limene lifulumira kufika pa tsiku limene silidzafunikanso, ndi mudzi wanzeru ndi umene ukonzekera tsikulo mlendo akali pakhomo. Ndipo amene wacira akumbukire mphasa imene wasenza. Sanaipatsidwe kuti akaitaye kuthengo, pakuti m'mudzi mwace mukali ena ogona, ndipo iye tsopano ali ndi miyendo ndi mapewa.

Kudziwa kuwerenga sikupulumutsa moyo wa munthu. Alembi amene anakhala m'nyumba muja tsiku lija anali odziwa mabuku koposa onse, ndipo ndiwo anang'ung'udza m'mitima yao. Cifukwa cace Ambuye anayamba ndi cikhululukiro. Koma Iye amene anakhululukira munthuyo sanamsiye cigonere, ndipo Mulungu amene anafuna kuti Mau ace alembedwe m'buku afunanso kuti anthu ace akhale ndi maso akuliwerenga. Mkristu amene afikitsa mwana wa mnzace ku zilembo acita nchito imene Ambuye aiona, monga anaona cikhulupiriro ca anai aja.

Mulungu wa cifundo adalitse ana onse olowa sukulu caka cino, ndi iwo amene akali kubusa ndi kuminda. Alimbitse aphunzitsi, a boma ndi odzipereka omwe. Apatse mabungwe mtima wodzicepetsa ndi manja okhulupirika, apatse mafumu ndi makolo kulimba mtima, ndipo adzutse mpingo wace kuti ugwire ngodya yace kufikira wogona aliyense ataimirira. Amen.